Kajuzi ka Pampu

Enifa anali chogwada pakhonde, akupukuta polishi wofiira ndi chigamba cha bulangete lakale, pamene geti linalira. Sanadzutse mutu msanga. Ku Ga-Rankuwa, komboni ya ku Joni kufupi ndi Pretoria, geti silikhala chete m'mawa. Mwina ndi wogulitsa malasha, mwina ndi mnansi wodzabwereka ayironi. Koma nsapato zimene zinaima m'mphepete mwa khondelo zinali zoyera, za Vailet, mwana wake wamkazi, amene ankagwira ntchito kochapira zovala za kuchipatala.

"Usapondepo, sipanaume," anatero Enifa.

"Mama, siyani polishiyo. Abambo akutuluka lero."

Enifa anaika chigamba pansi. Amuna ake, a Zakeyu Saulosi, anagwa ndi sitiroko kumayambiriro kwa nyengo yozizira ya 1984, akudulira maluwa kwa mzungu wawo ku Pretoria North. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panatsekeka. Chiyambire tsikulo ankangoyang'ana anthu ndi maso, osatulutsa liwu.

"Ndiye alankhula," anatero Vailet, akupumira m'mwamba.

"Ati chiyani?"

"Eish, musakwiye. Sanatchule inuyo, sanatchule ine. Angoti, 'Nsomba zanga.' Abwereza mpaka sisitala wa pawodi wandiitanitsa kuti ndidzamasulire."

Enifa anaseka pang'ono, misozi ili m'maso.

"Adokotala ati tiziwasamala ngati dzira," anapitiriza Vailet. "Magazi akadali okwera. Asakhumudwe, asadzidzimuke, apo ayi ibweranso yachiwiri. Achimwene a Elson oyandikana nafe aja avomera kutitenga pa baki yawo, kagalimoto ka katundu kaja, masana akaweruka. Nsombazo zili bwinobwino, eti?"

"Ndikumazipatsa chakudya."

"Sharp. Ndathamanga, ndangozemba pa tiyi."

Geti litatsekeka, Enifa anamaliza kangodya kamene kanatsala, chifukwa sankakonda kusiya khonde la mawanga. Kenako anatsinzina ali chogwada pomwepo nathokoza Mulungu ndi mawu ochepa. Anasamba m'manja, nalowa pabalaza.

Thanki yagalasi inali pakabati kufupi ndi zenera. A Zakeyu anaipeza kwa mzungu wawo uja, mwana wa m'nyumbamo atatopa nayo, ndipo anaibweretsa pa sitima ataikulunga m'masaka. Munthu wa kumapiri a ku Ntcheu, amene kwawo nsomba ankaziona zitauma kale pamsika, anafika pozikonda nsomba zofiirazi mpaka anzake ankamuseka. Yaikulu kuposa zonse anaitcha Kapitawo, poti inkangodya ndi kuyendera zinzake. Kuseri kwa thankiyo kunali pampu, kamota kakuda kokhala ndi timapaipi tiwiri. Paipi ina inkakoka madzi, ina inkawabweza atasefedwa, akugwa ngati kamathithi. Enifa ankaloledwa kuwaza chakudya basi. "Makina anu ndi osokerawo, anga ndi awa," ankatero a Zakeyu, ndipo iye sankatsutsa.

Tsiku limeneli anaima patsogolo pa thankiyo nayesa kuiona monga mmene mwini wake akanaionera polowa pakhomo.

Madzi anali ambuu. Nsomba zonse zinali pamwamba, milomo ili yasa, zikumeza mpweya. Chakudya cha dzulo chinali chikuyandama chosadyedwa. Izi anali ataziona kale masiku apitawa, ndipo mumtima ankati nsombazo zikusowa mbuye wawo. Anafika mpaka powauza a Zakeyu kuchipatala kuti, "Ana anu aja akukufunani, sakudya." Ankayesa kuti akuwasangalatsa. Tsopano anakumbukira mmene maso awo anatong'okera tsiku limenelo, ndi mmene dzanja lawo lamoyo linakokera nsalu ya pabedi.

Anayang'ana paipi yobweza madzi ija. Kamathithi kaja kunalibe. Madzi ankangodontha, nkusiya, nkudonthanso. Kapitawo anali atapendekeka, akupalasa ndi chipsepse chimodzi.

Ndiye anamva kuti m'nyumba muli zii.

Pampuyo kale inkalira motsitsa ngati njuchi ili kutali, moti munthu ankaiwala kuti ilipo. A Zakeyu atagonekedwa, kulirako kunayamba kusintha. Poyamba inkachita ngati ikukukuta mchenga. Kenako inayamba kugogoda, gwedegwede, mpaka makapu a m'kabati kumanjenjemera. Amayi a Mvano a kumpingo wa Amalawi ankabwera Lachinayi lililonse kudzapemphera naye, ndipo phokosolo linkawalowerera pakati pa pemphero. Enifa ankachita manyazi koma osadziwa chochita.

Amene anaona manyaziwo anali Mayi Falesi, mayi wachikulire wa mseu wakuseri, amene anamulandira Enifa atangofika ku Joni ali mtsikana. Mayi Falesi anali ndi nyamakazi m'zala, komabe m'nyumba za Amalawi a dera lonselo munalibe tebulo lopanda chidoilo chawo. Anali atalukira tiipoti, wailesi ya abusa, ngakhale chogwirira cha firiji. Atamva pampu ikugogoda anaiyang'ana mwachifundo nati, "Kakuphedwa ndi chisanu aka, n'chifukwa chake kakunjenjemera." Anayeza ndi chikhatho. Lachinayi lotsatira anabwera ndi kajuzi kobiriwira ka ulusi wokhuthala, koluka kawiri, nakaveka pampuyo, namanga mfundo zolimba kuzungulira mapaipi. Phokoso linachepa. Amayi anawomba m'manja, Enifa anathokoza ndi mtima wonse.

Tsopano anapisa dzanja kuseri kwa thanki nakhudza kajuziko. Anachotsa dzanja msangamsanga. Kanali kotentha ngati mbatata yochokera paphulusa, ndipo kankanunkha ngati ayironi yoiwalika pa malaya. Mkati munkamveka kung'ung'udza kofooka, kenako chete, kenako kung'ung'udzanso.

Anazula pulagi. Anayesa kumasula mfundo zija koma zinali zitauma gwa. Anathamangira kuchipinda natenga sizasi ya pamakina ake.

"Odi kuno! Tamva nkhani yabwino!"

Anali Mayi Falesi, atavala kale zoyera ndi zakuda za Mvano, poti linali Lachinayi. Ankafika msanga nthawi zonse kuti athandize kutsuka makapu. Pambuyo pawo panali Theresa, mayi wanthabwala amene ankagulitsa mavetikuku, mandasi a ku Joni, pa siteshoni, atasenza beseni.

"Make Vailet, mukutani ndi sizasi?" anafunsa Mayi Falesi. "Musadule, mwana wanga. Kali ndi pomasulira pake, dikirani ndikuonetseni."

Anayandikira natambasula zala zawo zopindika zija. Enifa, amene anthu ankati mawu ake amachita kuwafunafuna, anakuwa.

"Chokani apa! Mwandiphera nsomba za abambo ndi zolukaluka zanuzi! Chilichonse mukachiona mpaka muchiveke? Akafa abambo lero mudzawalukiranso chiyani?"

Sizasi inalira. Kajuzi kanagwa pansi mapisi awiri, mkati mwake muli mwakuda ndi kupserera. Apo m'pamene timabowo ta m'mbali mwa mota, topumira mphepo, tinaonekera, titatsekeka ndi ubweya wa ulusi.

Theresa anatula beseni pansi mwakachetechete. Mayi Falesi anawerama movutikira, natola mapisi aja, nawapinda bwinobwino ngati ndi atsopano. Anatuluka, ndipo podutsa pakhonde anayenda m'mphepete kuti asadetse polishi.

Enifa anaona zimenezo, koma Kapitawo anali atagona cham'mbali.

"Theresa, tenga jagi," anatero. "Magetsi akazima, abambo amatunga madzi a momwemo n'kumawathira kuchokera m'mwamba. Amati mpweya umalowa ndi thovu."

"M'mwamba bwanji?"

"Ngati ukuziziritsa tiyi wa mwana."

Theresa anapinda manja a bulauzi nayamba. Madzi anagwa, thovu linabalalika, nsomba zinathawira pansi kenako zinabwerera pomwe pankagwera madziwo.

"Taonani, zikundikonda," anatero Theresa. "Amuna anga sanandithamangirepo chonchi."

Enifa anamasula mapaipi, natenga pampu ndi nsanza, nakaiika pa simenti yozizira ya kukhitchini. Anayala nyuzipepala patebulo. Anatulutsa kasikuludiraiva ka makina osokera, kabotolo ka mafuta ake, ndi mswachi wakale. Chinthu chimenechi anali asanachigwirepo, koma madzulo ambiri a Loweruka, akusoka pafupi ndi zenera, ankaona amuna ake akuchitsegula. Anapempha Mulungu kuti amukumbutse zimene maso ake anaona, poti iye sankadziwa kuti akuphunzira.

Amayi ena anayamba kufika awiriawiri, mabuku a nyimbo ali m'manja. Theresa ankawalandira ndi jagi.

"Lero kulibe kukhala pampando, azimayi. Mulungu watipatsa ntchito ya manja. Margret, bwera undilandire, phewa latha ili."

"Tabwera kudzapemphera kapena kudzasambitsa nsomba?" anafunsa Margret.

"Zonse ziwiri. Pakamwa pako sipagwira jagi."

Anapanga mzere. Wina akatopa, mnzake ankalandira. Posakhalitsa wina anayambitsa nyimbo, ndipo jagi inayamba kutsatira nyimboyo, kutunga pa mzere woyamba, kuthira pa wachiwiri.

Mota itazizira, Enifa anamasula tizomangira nayika tonse m'sosala kuti tisasowe. Chivundikiro chitachoka anapeza kawilo kokhala ndi timapiko, kamene kamakankha madzi. Anakayesa ndi chala. Kanakana kuzungulira. Ndere zinali zitakulunga pamtsitsi pake ngati ulusi ukapiringizika pansi pa bobini, ndipo pakati pa timapiko panali patapanikizika chigoba cha kankhono. Apa mtima wake unakhala pansi pang'ono. Izi ankazidziwa. Makina ake osokera nawonso akayamba kulira mwachilendo sakhala kuti azizidwa, amakhala kuti china chawatsamwitsa kapena auma.

Anachotsa kankhonoko ndi nsonga ya singano. Anatsuka kawilo ndi mswachi mpaka kanayera. Anapemerera timabowo topumira tija, nachotsa ubweya wonse wobiriwira. Pomaliza anadontheza mafuta pa timabowo tiwiri ta kumapeto kwa mota, pamene a Zakeyu ankadonthezapo, kutali ndi njira ya madzi. Anazunguza kawilo. Kanayenda, ngakhale kankagwedera pang'ono chifukwa chakudyeka.

"Make Vailet," anaitana Margret kuchokera pabalaza, "madziwa akununkha. Tithiremo a pampopi?"

"Ayi! A pampopi ali ndi mankhwala, amapha. Amafunika ogona."

Koma madzi ogona analibe. Ndowa imene a Zakeyu ankagonekamo madzi inali itakhala youma chigonekedwere iwo. Enifa anaima pakati pa khitchini, osadziwa kolowera.

Theresa anasuzumira pakhomo lakumaso. "Bwerani mudzaone."

Kunja kwa khonde kunali ndowa ziwiri zodzaza madzi oyera. Cha kugeti Mayi Falesi ankabwera ndi yachitatu, akuikoka pa wilibala, akupuma pakapita mapazi angapo. Kwawo kunali mgolo waukulu wosungira madzi, ndipo a Zakeyu ankakatungako ndowa yawo ikaperewera. Palibe amene anawatuma. Anatsitsa ndowayo, naisiya pafupi ndi zinzake, nakakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa pichesi, nkhope atalozetsa kumseu.

Enifa anafuna kutuluka, koma Margret anakuwa kuti kansomba kena katembenuka. Anatunga madzi ambuu aja ndi poto, natsala ndi theka, nathiramo a Mayi Falesi pang'onopang'ono kuti nsomba zisadzidzimuke. Kansomba kakang'ono kaja kanali katafa. Anakachotsa ndi chikhatho nakakulunga m'pepala.

Dzuwa linali litapendeka. Enifa anabwezera pampu pamalo pake, nalumikiza mapaipi, nalowetsa pulagi. Nyimbo inaima. Mota inalira, mosalala, motsitsa. Amayi anayang'ana paipi.

Sipanatuluke kanthu.

"Mwina ikufuna kaye pemphero," anatero Margret.

"Mwina ikufuna kajuzi kake," ananong'ona wina kumbuyo, koma palibe anaseka.

Enifa anazula pulagi msanga, poopa kuti mota ingapse ikuzungulira pouma. Anatsamira kabati. Kunja kunamveka galimoto, anasuzumira pazenera, koma inali lole ya malasha. Anatseka maso nayesa kuwaona a Zakeyu Loweruka madzulo. Amamanga tizomangira. Amalumikiza mapaipi. Kenako amawerama, ndipo iye ankatembenukira kumbali chifukwa zinkamunyansa.

"Mayo ine," anatero Enifa.

Anagwira paipi yobweza madzi, naiika pakamwa, nayamwa monga amachitira madalaivala a mateksi pokoka petulo. Poyamba kunabwera mpweya wokha. Anayamwanso mwamphamvu. Madzi a nsomba anadzaza m'kamwa mpaka m'mphuno. Analavula, akutsokomola, bulauzi yonse itanyowa, koma chala chake chinali chitatseka paipi.

"Lowetsa pulagi, Theresa!"

Mota inalira. Paipi inatsokomola thovu, inatsokomolanso, kenako madzi anatumphuka, odzaza paipi yonse, nagwera m'thanki ndi mkokomo wake wakale uja.

Nthungululu zinamveka mpaka kumseu. Margret anavina ndi jagi pamutu. Theresa anamukumbatira Enifa osasamala kunyowa.

"Mgonero wa lero mwadya nokha, amayi," anatero Theresa. "Unakoma?"

"Usachite chipongwe ndi zopatulika," anatero Enifa, koma ankaseka, akupukuta pakamwa ndi duku.

Anaika dzanja pa mota nalisiya pomwepo nthawi yaitali. Inali yofunda chabe, ngati mphumi ya mwana wopanda malungo. Nsomba zinayamba kutsika, imodzi imodzi. Kapitawo anakhala chipendekere kanthawi pansi pa kamathithi, madzi akumugubuduza. Kenako anadziwongola, nagwedeza mchira, napita kukatola chakudya pansi ngati panalibe chimene chachitika.

Baki ya a Elson inafika madzi atayamba kuyera. A Elson, mnansi amene ankagwira ntchito kufakitale ku Rosslyn, anatsitsa a Zakeyu mosamala, Vailet atawagwira mbali inayo. Anali ataonda, jekete likulendewera, ndodo ili kudzanja lamanzere. Amayi anaima m'mbali mwa njira akuwomba m'manja motsitsa. Iwo anagwedeza mutu kwa onse, koma atafika pakhomo anaima. Anapendeketsa mutu, khutu kuloza pabalaza, namvetsera.

M'nyumba munkamveka madzi okha ndi kulira kwa njuchi ya kutali kuja.

Anayenda okha mpaka pakabati, akukoka mwendo. Anayang'ana nsomba nthawi yaitali. Anatsamiritsa ndodo, napisa dzanja kuseri, nagwira mota. Kenako maso awo anagwera pa kabotolo ka mafuta a makina osokera kamene Enifa anaiwala pakabatipo.

"Nda... ndani?" Liwu linatuluka lolemera, lokokeka.

"Ndi mainjiniya awa," anatero Theresa, akumukankhira Enifa kutsogolo. "Amwa ndi madzi omwe."

Enifa anagwada pambali pawo monga mwa masiku onse. "Ndagwira makina anu, bambo a Vailet. Inatsamwa, inatentha, inatsala pang'ono kupsa. Kawilo kadyeka, kafunika kena. Ndipo kamodzi kakang'ono katisiya, sindikubisirani."

Vailet anawayang'anitsitsa abambo ake, mantha ali pankhope. A Zakeyu anayang'ananso m'thanki, milomo ikuyenda. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatenga dzanja la mkazi wawo, naliika pa mota, naikapo lawo pamwamba.

"Muzi... mvera," anatero. "Ikasintha... kulira."

"Ndizimvera."

Mbali imodzi ya nkhope yawo inamwetulira. Anakhala pampando wawo wa pafupi ndi zenera, napumira pansi ngati munthu amene watula katundu. Vailet anatembenuka nabisa nkhope paphewa pa Margret.

Theresa anavundukula beseni la mavetikuku, ketulo inaikidwa pamoto, ndipo amayi anayamba kukonzekera pemphero limene anadzera. Enifa anayang'ana m'chipindamo. Mpando wa pakona, umene nthawi zonse unkasiyidwira munthu mmodzi, unali wopanda munthu.

Anatuluka, bulauzi ikadali yonyowa. Mayi Falesi anali pomwe paja pansi pa pichesi, mapisi a kajuzi ali pamiyendo, akumasula ulusi umene sunapse ndi kuukulunga pachala. Atamuona anayamba kudzuka.

"Ndimati ndingomva kuti afika bwino, ndizipita," anatero. "Ine ndi nkhalamba yopusa, mwana wanga. Ndimayesa ndikuthandiza."

"Khalani, Amayi."

Enifa anatembenukira kunyumba naitana Theresa ndi amayi onse kuti atuluke. Anadikira mpaka anadzaza pakhonde, ndi Vailet yemwe, zenera la pabalaza lili lotsegula kuti a Zakeyu amve. Ndiye anagwada pafumbi patsogolo pa mayi wachikulireyo, nakweza mawu kuposa mmene anthu anazolowera kumumvera.

"Amayi, ndinakukalipirani mokweza pamaso pa anthu, ndiye sindipepesa monong'ona. Phokoso lija ndinalimva ndine, manyazi ndinachita ndine, kajuzi ndinathokoza ndine. Inu munangoona kuti ndikuvutika. Nsomba zija zikusambira m'madzi anu. Pakamwa panga panalakwa kwambiri lero. Ndikhululukireni, Amayi."